Mpweya wa ng'ombe za a Zuze

Nkolokosa,
Lachinayi masana

Zione mwana wanga,

Iwe ndi amayi ako mwapita ku Limbe kukasaka jekete la pakaunjika loti ukavale kozizira kumene ukupitako, ndipo ine ndakuuzani kuti nditsala chifukwa mutu ukundipweteka. Mutu sukupweteka ayi. Ndatsala kuti ndilembe zimene pakamwa panga pakhala pakukana kunena chibwerere kumudzi. Kalatayi ukaiwerenge mawa ku Chileka asanakuitaneni kukakwera ndege, foni ili m'manja, chifukwa ukamaliza pali munthu woti umuimbire.

Ndiyambe ndi cholemera chenichenicho. Khola la bambo ako aakulu, a Zuze, lija unalitchula pofunsira malo m'gulu la ofufuza, lija unalonjeza anzako kuti mukabwerako mudzayesera zakudya zatsopano pa ng'ombe zake, latsala ndi ng'ombe imodzi. Zina zonse anagulitsa kwa mabutchala. Sizinadwale, sizinabedwe, madzi sanakokolole. Anazigulitsa chifukwa cha mawu amene ndinawauza ine pafoni. Mpaka lero mutu wanga ukukanabe kumvetsa kuti khola limene linamangidwa ndi agogo ako lingagwe ndi liwu limodzi. Usayambe kulira, werenga kaye mpaka kumapeto.

Ukukumbukira tsiku lija unabwera ndi nkhani yoti wasankhidwa. Unatikhazika pansi n'kutifotokozera bwinobwino kuti ng'ombe ikadya udzu, udzuwo umakasasa m'chifu, ndiye ikamabzikula imageya, ndipo m'kugeyamo mumatuluka mpweya wotchedwa metheni umene ukuthandizira kutenthetsa dziko. Unati mayiko agwirizana kuti ophunzira awo afufuzire limodzi, ena a ku Kenya, ena a ku India, ena a kumayiko a azungu, kuti mupeze zakudya ndi kawetedwe koti ng'ombe izigeya pang'ono koma izinenepa n'kumatulutsa mkaka wambiri. Ine ndinamva zonse, palibe chimene chinandidutsa. Amayi ako ndiwo anafunsa kuti, "Ndiye sukulu yonse ija mapeto ake ukukawerenga kugeya kwa ng'ombe?" Tinaseka mpaka misozi. Lamulungu lake, anzawo akutchalitchi atawafunsa, amayi ako anangoti ukukaphunzira za nyengo, ndipo ine ndinawaseka njira yonse kuti akuchita manyazi ndi ntchito ya mwana wawo. Sindinadziwe kuti wamanyazi wamkulu m'nyumba muno ndine.

A Zuze ndinawaimbira ndili m'minibasi, ndikuchokera kuntchito. Chimwemwe chinandisowetsa mtendere, sindinathe kudikira kuti ndifike kunyumba. Kondakitala ankakuwa, wailesi ili pamwamba, anthu atandipanikiza uku ndi uku, ndiye ndinatsitsa mawu n'kuphimba pakamwa ndi dzanja.

"Achimwene, mwana wanu uja wasankhidwa, akupita kunja. Mayiko agwirizana zochepetsa mpweya wa ng'ombe. Akabwera ndi azungu adzayambira khola lanu."

Liwu loti kugeya linafika pamlomo, koma ndinalimeza. Ndinaona kuti munthu wa imvi ngati ine sindinganene pagulu kuti mwana wanga wa digiri akukaphunzira kugeya, komanso kuwauza akuluakulu mawu otere ndinaona ngati chipongwe. Ndinasankha liwu laulemu, loti mpweya.

Kumbali inayo a Zuze anafunsa kuti, "Wati adzayambira langa?"

"Lanu lenilenilo, achimwene. Dzina lanu analemba kale."

"Takhuta," anatero, n'kudula foni.

Ukudziwa kuti kwathu, m'Chisena, takhuta ndiye zikomo. Ndinatsika minibasi ndikumwetulira, ndikudziuza kuti mkulu uja wasangalala mpaka wasowa mawu.

Zione, iwe unabadwira muno m'tauni, mpweya kwa iwe ndi umene amapopera m'matayala ndi umene mumayeza kusukulu. Kwa a Zuze mpweya ndi moyo. Munthu akatsirizika amati mpweya watha. Kuchepetsa mpweya wa chamoyo kuli ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo iwo anaonapo kale ndi maso awo nkhumba za m'mudzi zikuphedwa nthawi ya chigodola, eni ake ataimirira poteropo manja ali kumsana. Tsono amve mng'ono wawo akunong'ona pafoni, kuti mayiko agwirizana, kuti azungu akubwera, kuti dzina lalembedwa kale. Anaganiza kuti ndikuwatsina khutu. Takhuta uja sankathokoza nkhani yabwino, ankathokoza chenjezo. Ndiye langizo langa loyamba ndi limeneli, mwana wanga: chinthu uzichitchula dzina lake lenileni ngakhale likhale loseketsa. Anthu akanandiseka m'minibasi muja kuchokera ku Limbe mpaka kusiteji kwathu kuno, ndipo ng'ombe zikanakhala zili m'khola.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mwa anthu onse ine ndiye ndinayenera kudziwa. Nditangoyamba ntchito kunyumba yosungira katundu ku Limbe, Chichewa cha kuno ndisanachigwire, kapitawo anandiloza makatoni a sopo n'kunena kuti, "Iwe watsopano, longa." Kwathu kulonga ndi kulankhula. Ndinavula chipewa, n'kuima njo, n'kuyamba: dzina langa ndine Mateyu, ndachokera kuchigwa cha Shire, ndine wachiwiri kubadwa. Kapitawo anati, "Ndati longa, iwe." Ndinaganiza kuti sakumva, ndinakweza mawu n'kuwonjezera dzina la bambo anga ndi la mpingo wathu. Anthu anagwa pansi ndi phwete, ndipo ndi chifukwa chake madalaivala akale a kuntchito amanditchulabe a Longa, dzina limene iwe unkaganiza kuti ndi la ulemu. Tsiku limenelo tonse awiri tinkalankhula zoona, tonse awiri tinkamva liwu lomwelo, koma sopo sanalowe m'katoni. Kumene ukupitako mudzakhala anthu a zinenero zambiri patebulo limodzi, aliyense akugwedeza mutu. Ukanena chinthu chofunika usamafunse kuti mwamva, chifukwa aliyense amati wamva. Uzifunsa kuti mwamva kuti chiyani, ndipo uzidikira akubwerezere.

Ndikuuze mmene ndinadziwira. Sabata yatha ndinaima pamphambano ya msewu wochokera ku Chikwawa kudikira minibasi yam'mawa. Panaima lole yodzaza ng'ombe, injini itatentha ndi chitunda, anthu ake akuthira madzi. Malole otere amadutsa tsiku ndi tsiku ndipo sindiwalabadira, koma mwana wa m'khola akaona ng'ombe maso amathamangira kumakutu. Khutu lamanzere linali lodulidwa ngati mchira wa nsomba, kadulidwe ka bambo anga. Ndinayang'ana ina, chimodzimodzi. Ina, chimodzimodzi. Kenako ndinaona Kapitawo, ng'ombe yokoka ngolo, ya nyanga imodzi yoloza pansi ija, imene unkaiopa uli wamng'ono. Inali itapanikizidwa pakona, thovu lili kukamwa. Ndinagwira chitsulo cha lole kuti ndisagwe.

Ndinaganiza zakuba. Ndinamugwira dalaivala pamalaya n'kumufunsa kumene wazitenga. Iye sanakwiye n'komwe, anangochotsa dzanja langa n'kunena kuti, "Madala, musandivute, izi n'zogula. Mdala wake wagulitsa yekha, akuti azungu akubwera kudzapha ng'ombe kumeneko. Uwu ndi ulendo womaliza, zinazo tinatuta kale." Ndinafunsa kuti zinazo zili kuti. Anandiyang'ana ngati wamisala n'kuti, "Zili m'mimba mwa anthu, madala. Ku Mbayani, ku Limbe, kulikonse kuli butchala." Lole inalira n'kunyamuka. Dzulo unandiseka kuti ndakana nyama imene amayi ako anaphika pokutsanzika, unati bambo ayamba kuopa matenda a shuga. Tsopano wadziwa chifukwa chake.

Tsiku lomwelo sindinapite kuntchito. Ndinawoloka msewu n'kukwera minibasi yotsetsereka kuchigwa, ndipo inu ndinakunamizani kuti kuli maliro a munthu wa kumpingo wakale. Foni ya a Zuze inali yozima. Njira yonse, m'makhotamakhota a phiri muja, ndinkadziuza kuti dalaivala uja wanama, mwina agulitsako zochepa. Nditafika sindinalowe m'nyumba, ndinalunjika kukhola. Ukulidziwa mmene limakhalira dzuwa likamapendeka: fumbi, kulira kwa mathole, kukankhana pachipata. Ndinapeza chipata chili pululu, ndowe zitayamba kuuma, nkhuku zikupalasa pakati. Kumapeto kwenikweni, pamtengo, panali ng'ombe imodzi yomangidwa chingwe. Sindinaonepo malo aakulu ngati khola lopanda ng'ombe.

Alamu anga, amayi ako aakulu, anandilandira ndi manja awiri ngati munthu wopulumutsa mudzi. Anati, "Mukanapanda inu, alamu, tikanangoona zikugwa osapezapo kanthu." Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana. A Zuze anali pansi pa mtengo wa masawu, atawonda, koma nkhope ili ya munthu amene wachita zanzeru nthawi isanathe. Ndinakhala pansi, osati pampando umene anandipatsa.

"Achimwene, munamva kuti chiyani tsiku lija?"

"Ndinamva zimene unanena. Ogula ng'ombe nawonso anavomereza, anati nkhaniyo ili ponseponse m'tauni, amene achedwe adzalira."

"Bwanji simunandiimbirenso?"

"Munthu wakunong'oneza pangozi, umuimbirenso kuti umugwiritse?"

Pamenepo ndinawauza. Ndinayambira paudzu, ndinafika pachifu, ndinatchula kubzikula. Liwu lija ndinalimeza m'minibasi ndinalitchula kangapo konse, pamaso pa alamu anga, manyazi atathawa okha. Ndinati palibe amene akudzapha ng'ombe, mwanayo ndi anzake akufuna kudzayesa masamba ndi zakudya zina kuti ng'ombe zizigeya pang'ono, ndipo khola lanu analisankha chifukwa amalinyadira. Alamu anga anagwira pakamwa, n'kudzuka, n'kulowa m'nyumba. A Zuze anayang'ana kukhola. Kenako anafunsa motsitsa, ngati akufunsa njira:

"Mateyu, ndiye kuti ng'ombe zanga zafera kugeya?"

Ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo imene inali pambali pawo.

Mwina mumtima wayamba kuwadzudzula kuti munthu wamkulu angagulitse bwanji khola lonse osafunsa. Usawadzudzule, chifukwa ndi matenda a pamtundu pathu, ndipo ine ndinayamba kudwala iwo asanadwale. Ndisanapeze ntchito ya ku Limbe ndinagwirapo ya m'maluwa ku Namiwawa, kwa dokotala wina wamkazi wochokera kunja. Tsiku lina akupita kuntchito anandiloza mtengo wa mapeyala umene nthambi zake zinkakhula malata, n'kulankhula Chingerezi chothamanga, dzanja likuchita ngati likudula. Sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma ndinati yesi madamu, chifukwa ndinkaopa kuti akadziwa kuti sindikumva andichotsa. Ankafuna ndisadze nthambi zokhudza denga zokha. Ine ndinabwereka nkhwangwa kwa alonda a nyumba yoyandikana, ndipo pofika masana mtengo wonse unali pansi, mapeyala osakhwima ali mbwee pakapinga. Ndinaima pambali pake thukuta lili kamukamu, kudikira kuyamikiridwa. Mayi uja atatsika m'galimoto sanakalipe, anangoima chikwama chili m'manja, misozi ikutsika. Safunsa anadya phula, ndipo ntchito ija inathera pomwepo. Nkhope imene ndinali nayo poyembekezera mayi uja ndi yomweyo ndinaipeza pa a Zuze pansi pa masawu.

Choncho kumene ukupitako usadzanene yesi pa chinthu chimene sunamve. Aphunzitsi ako adzakhala anthu otchuka, zipangizo zawo zidzakhala zoti sunazionepo, ndipo mtima udzafuna kuti uoneke wochangamuka. Funsa ndithu, ngakhale uoneke wotsalira. Wofunsa amachita manyazi kamphindi, koma mtengo ukagwa sudzukanso. Ndipo iwonso usawalole kuti azingokugwedezera mutu. Sanakuitane kuti ukanyamule zikwama kapena kuti ukamwetulire pachithunzi. Mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake asonkhanitsa mayiko, ndipo ngodya ya denga imene ukukasenza iwe palibe wina angaisenze.

Ngodya yake ndi iyi. Ukawauze chimene ng'ombe ili kwa munthu ngati a Zuze. Ukawauze kuti yunifolomu yako yoyamba inatuluka m'khola muja, kuti amayi ako atagonekedwa m'chipatala ndi ng'ombe imene inayenda ulendo wa kumsika, kuti kwathu mnyamata sakwatira, maliro salirika, ngolo siyenda popanda khola. Munthu wotere ukamuuza kuti ng'ombe yake ikuwononga dziko, wamuuza kuti ana ake akuwononga dziko. Ndipo ufunse funso limene ine landisowetsa tulo: pakati pa ng'ombe zathu zowonda zija, zimene m'chilimwe zimangonyambita fumbi, ndi makola akuluakulu a kwawo amene unationetsa pafoni, ndani akugeya kwambiri? Sindikuti mukakangane. Ndikuti mukagwirizana chochita, chikhale choti mwini ng'ombe aone phindu lake mumkaka ndi m'thupi la ng'ombe yake, osati kungomva kuti dziko lazizira kwinakwake.

Chinanso, Zione, ndipo ichi ulembe penapake. Mawu amene mudzapangane m'zipinda zozizira kumeneko sadzathera kumeneko. Adzakwera ndege, adzakwera minibasi, adzadutsa pakamwa pa anthu onyada ngati ine, ndipo asanafike kwa mwini khola adzakumana ndi ogula ng'ombe. Anthu amene anatuta za a Zuze sanapeke nkhani, anangoipeza ili kale m'mutu mwa mkuluyo n'kuithirira madzi, ndipo anazitenga pamtengo wa munthu amene akuthawa moto. Chimene anawapatsa sichingadzutse khola ngati lija. Ndiye pa chilichonse chimene mudzalembe, uziima n'kufunsa anzako kuti, kodi ichi m'Chisena tidzachitcha chiyani, m'Chichewa tidzachitcha chiyani, nanga nkhalamba yosapita kusukulu ikachimva koyamba idzaganiza chiyani? Akakuuza kuti zimenezo mudzaona pomaliza, ukawafotokozere za bambo ako aakulu. Ndakuloleza, unditchule ndi dzina, andiseke azungu ndi a ku Kenya omwe.

Ndikukudziwa, mwana wanga. Pofika pano wayamba kuyang'ana khomo lotulukira, ukuganiza zobweza chikwama n'kutsetsereka kumudzi. Usayerekeze. Madzi akatayika saoleka, ndipo iwe kukhala kuno sikudzutsa Kapitawo. Ukapanda kupita ndiye kuti ng'ombe zija zafadi chabe. Kwathu kukutentha kuposa mmene ndinakusiyira ndili mnyamata, madzi akabwera akumabwera ngati ali ndi mlandu nafe, msipu ukutha msanga. Ngati ntchito yanuyo ingachepetseko ngakhale pang'ono, ndi ntchito, kaya dzina lake n'loseketsa chotani. Vuto ndi langa, ndipo ine ndi amayi ako tikhala pansi kuti tione chimene tingachite ndi khola lija. Iwo sindinawauzebe, ndiwauza tikabwerako ku Chileka, ndipo chimene ndikachimve kumeneko ndi changa. Anzako ofufuza uwauze zoona msanga, usadikire mpaka adzafike pachipata. Kumudzi kuli makola ena, koma eni ake amva mphekesera yomweyi, ndipo adzatsegula pokhapokha a Zuze atatsegula.

Tsopano za ng'ombe yatsala ija. Ndi Sakhuta, mdzukulu wa msoti umene agogo ako anakupatsa utangobadwa, yadyera ija imene inakudyera mpango wa kusukulu pachingwe. Ndinawafunsa a Zuze chifukwa chimene anaisiyira. Anati, "Imeneyo si yanga, sindigulitsa cha mwini. Ndinati ngati mwanayo waphunzira zochotsa mpweya wa ng'ombe, adzayambe ndi yakeyo, ndi manja ake, ine ndikuona." Taganiza, Zione. Masiku onsewa mkulu uja wakhala akugona n'kudzuka akukhulupirira kuti mwana amene ankamunyamula paphewa kupita naye kudambo wagulitsa khola kwa azungu, komabe ng'ombe yako amaimwetsa madzi ndi kuimwetera udzu yekha.

Potsanzikana anandiuza mawu amene ndikufuna uwamvetse bwino. Anati, "Iwe wandiuza ziwiri, pafoni china, pano china. Sindikudziwa choona. Ndimve kwa mwini wake." Poyamba ndinakhumudwa kuti akundiyesa wabodza. Ndili m'minibasi pokwera phiri m'pamene ndinazindikira. Iwo akudziwa choona. Koma nkhani yoyamba ija ikakhala yoona, ndiye kuti ndi munthu wochenjera amene anapulumutsa chimene akanatha. Ikakhala yoona yachiwiriyi, ndiye kuti anatsegula chipata ndi manja awo n'kukweza moyo wawo wonse palole popanda chifukwa. Bodza lija ndi ndodo yokhayo imene atsamira, ndipo foni yako ikukawalanda ndodoyo. Uyenera kuwalanda ndithu, chifukwa sungapite kunja bambo ako aakulu akukuyesa mdani, koma usawasiye opanda chogwira.

Nkhani yomaliza ndi yoti ukuidziwa, amayi ako amaikamba pa Khirisimasi iliyonse, koma uimvenso lero. Tsiku loyamba kukaonekera kwa agogo ako a kuno ku Nkolokosa, anthu a ulemu wawo, akulu a mpingo, anandiphikira mpunga ndi nkhuku. Ine ndinali nditachoka ku Mbayani wapansi, m'mimba mulibe kanthu chidzukire. Mbale zitafika ndinawomba m'manja mwaulemu wonse n'kuti, "Takhuta, takhuta." Agogo ako aakazi anagwetsa nkhope n'kunena kuti, "Pepani, sitinadziwe kuti mwadya kale," ndipo mbale zinabwerera kukhitchini ndikuziona. Ndinabwerera ku Mbayani ndi njala, iwo anatsala akuti mkamwini wake ndi wonyada, wanyoza chakudya chathu. Ukwati ukanathera pomwepo. Chinaupulumutsa n'chakuti amayi ako sanakhutire ndi zimene anamva. Ananditsatira mpaka pamsewu n'kundifunsa kuti, "Kodi inu mukati takhuta mumatanthauza chiyani?" Iwe unabadwa chifukwa cha funso limenelo, ndipo ine ndinalephera kulifunsa kwa mkulu wanga yemwe.

Ndiye uchite chonchi. A Zuze ndawauza kudzera kwa alamu kuti uimba mawa usananyamuke, ndipo foni ayatsa. Upeze pokhala, usaime. Uwapatse moni wonse, usadule, ufunse za alamu, za miyendo yawo, za mvula. Chisena chako chothyokathyoka chija uchigwiritse ntchito, akuseke, zilibe kanthu. Kenako uwafotokozere ntchito yako monga unatifotokozera ife, ndipo ukafika paliwu lija ulitchule momveka, ngakhale pambali pako pakhale anthu a masuti ndi azungu a zikwama zamatayala: kugeya. Usawauze kuti analakwitsa. Usawauzenso kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Uwapemphe chinthu chimodzi, kuti akusungire Sakhuta mpaka udzabwere, ndipo uwauze kuti anzako a kumayiko onse aja udzabwera nawo pakhola lomwelo, kwa ng'ombe imodzi yomweyo, chifukwa unalonjeza khola la a Zuze ndipo sunasinthe. Nkhunzi inapita palole yoyamba, ndiye ngati Sakhuta ali ndi bere kapena ayi palibe akudziwa. Akayamba kukamba zimenezo, uwasiye akambe.

Zina zonse zimene makolo amalangiza, za kupemphera, za kuvala zofunda, za anyamata a mawu okoma, amayi ako akhala akukuuza mwezi wonse ndipo sindiwonjezerapo. Ndimakunyadira, mwana wanga, ndipo kunyada komweko n'kumene kunandithamangitsa pakamwa. Ndamva geti likulira, mwabwera, ndipinde pepalali.

Chimodzi chokha. Pamapeto a Zuze adzati takhuta. Usadule foni. Ngakhale ayambe kuitana a ndege, dikira kaye, ndipo uwafunse kuti amva kuti chiyani.

Ndine bambo ako,
Mateyu, amene ku Limbe amati a Longa